Mmene mungawonongere suti yanu ku Hoi An

Kuti chovala chituluke choipa m'manja mwa telala wodziwa ntchito yake, mwini chovala amayenera kuthandizapo. Ku Hoi An, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Thu Bon pakatikati pa dziko la Vietnam, alendo amapereka thandizo lotere tsiku lililonse, ndipo amalipereka mofanana kwambiri moti njira zake zikhoza kulembedwa. Ndazilemba pano chifukwa zimandiwawa kumva anthu aluso akunyozedwa pa zolakwa zimene sanazichite okha. Wofuna kubwerera kwawo ndi jekete loluma m'khwapa, buluku lopachikika pamatako ndi ndalama zotayika, atsate izi. Sizilephera.

Choyamba dziwani kumene mukupita, kuti muone kukula kwa mwayi umene mukukautaya. Hoi An ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa mzinda wa Da Nang, kumene kuli bwalo la ndege. Kuyambira zaka za m'ma 1400 mpaka za m'ma 1800 panali doko lotchuka, ndipo m'kupita kwa nthawi zombo za amalonda a ku China, Japan, Portugal ndi Holland zinkakocheza pamenepa kudzagula silika, mbale zadothi ndi zokometsera zakudya. Mtsinje utadzaza matope zombo zikuluzikulu zinasamukira ku Da Nang, tauni inazizira, ndipo kuzizirako n'kumene kunasunga nyumba zake zakale za makoma achikasu. Mu 1999 bungwe la UNESCO linaika tauni yakaleyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Alendo atayamba kukhamukira kumeneko, masitolo osoka zovala anachuluka mpaka kufika mazana angapo. M'misewu ya Tran Phu, Le Loi ndi Tran Hung Dao simuyenda kutali musanaone zidole zovekedwa masuti ndi madiresi zitaima pakhomo. Kuseri kwa makomo amenewo kuli anthu amene agwira sizasi moyo wawo wonse, ndipo angathe kukusokerani chovala chokhala zaka zambiri pa mtengo umene ku London kapena ku Johannesburg simungaulote. Ntchito yanu ndi kuwatchinga kuti asatero.

Yambani ndi nthawi, pakuti apa ndi pamene zambiri zimafera. Konzani ulendo wanu mwakuti mufike ku Hoi An madzulo, mugone usiku umodzi, ndege yanu inyamuke ku Da Nang mawa lake. Pamakomo ambiri mudzaona zikwangwani zolonjeza chovala m'maola 24, ndipo lonjezolo ndi loona, suti mudzaipeza. Chimene chikwangwani sichinena ndi mmene maolawo amagawidwira. Mayi amene akukuyezani ndi tepi m'sitolo nthawi zambiri si amene adzasoke. Iye ntchito yake ndi kulandira alendo, kulankhula Chingerezi ndi kulemba manambala. Mukangotuluka, nsalu yanu ndi kapepala ka miyeso zimakwera njinga yamoto kupita kumalo osokera kunja kwa misewu ya alendo, mwina kunyumba kwa munthu, kumene wodula amene sanakuonenipo amajambula thupi lanu ndi choko kuchokera pa manambala okhawo. Sanaone kuti phewa lanu lakumanja ndi lotsika, kapena kuti mumaima chowerama pang'ono. Njira yoti adziwire zimenezi ndi imodzi yokha: inu mubwere kudzayesa chovala chisanathe, mayi uja achonge ndi choko ndi mapini pamene pakulakwika, chovala chibwererenso pa njinga. Jekete labwino limafuna ulendo wotere kawiri kapena katatu. Inu perekani mpata wa ulendo umodzi, ndipo pa ulendowo takisi ikhale ikudikira panja.

Mukatero mwawononga zinthu ziwiri. Chovala chisokedwa mothamanga, ndipo munthu wina sagona. Mayi amene wakhala pa makina kuyambira m'mawa ndiye adzalumikize mikono ya jekete lanu 3 koloko usiku, pamene mkono wa jekete ndi wovuta kulumikiza ngakhale masana munthu atapuma bwino. Ukapendekeka pang'ono chabe, makwinya amatsika kuchokera paphewa mpaka pachigongono, ndipo simbi siyingawachotse.

Nyengo nayo ingakuthandizeni. Pitani mu Okutobala kapena Novembala osasiya tsiku lapadera. Imeneyi ndi miyezi ya mvula yamphamvu ndi mphepo zamkuntho, ndipo Thu Bon amasefukira kawirikawiri. Misewu ya kumunsi monga Bach Dang imasanduka njira za mabwato, eni masitolo amanyamulira nsalu m'zipinda zapamwamba, ndipo njinga yonyamula buluku lanu sidutsa. Kapena fikani kutatsala masiku ochepa kuti kukhale Tet, chikondwerero cha chaka chatsopano chowerengera mwezi, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Sabata zimenezo matelala amakhala atapanikizika ndi ntchito ya eni dziko ofuna ao dai zatsopano, chovala chawo chachitali, ndipo tsiku likafika ambiri amatseka n'kupita kwa makolo awo.

Sitolo musaisankhe nokha. Funsani woyendetsa takisi amene wakutengani pabwalo la ndege, kapena wolandira alendo pahotela, kapena mayi wansangala amene wakuimitsani pamsewu n'kukuuzani kuti mchemwali wake ali ndi sitolo chapafupi. Ambiri a iwo amalandira komishoni pa mlendo aliyense amene amuperekeza, ndipo sindikuwaweruza, ndi mmene akupezera chakudya. Koma komishoniyo sichokera kwina, ili m'kati mwa mtengo umene mudzalipire, ndipo sitolo imaibweza pokweza mtengo kapena potsitsa nsalu. Mukafika pamene akusiyani, khalani pomwepo. Musalowe sitolo yachiwiri ndi yachitatu kuti muyerekeze, musatembenuze jekete la pachidole kuti muone misoko yam'kati, musapite kumsika wa nsalu umene uli pafupi ndi msika waukulu kukakhudza nsalu ndi kumva mitengo.

Lowani musakudziwa chimene mukufuna. Adzakukhazikani pampando, adzakupatsani madzi ozizira ndi mabuku a zithunzi, ndipo inu lozani katswiri wa mafilimu wamtali ndi wowonda, nenani kuti mukufuna chimodzimodzi. Malaya aja amene mumawakonda, amene amakukhalani bwino kuposa onse, asiyeni m'sutikesi kuhotela. Musaiwale zimenezi, chifukwa luso lalikulu la matelala a ku Hoi An ndi kutengera chovala chimene achigwira m'manja. Malaya anu akayalidwa patebulo, wodula uja amapeza zonse zimene manambala sakanamuuza: kutalika kumene mumakukonda, mpata umene mumafuna m'khwapa, kukula kwa kolala. Mumaneni zimenezo. Kenako itanitsani zambiri nthawi imodzi, masuti awiri, malaya asanu, madiresi a akazi anu ndi apongozi pa miyeso ya m'mutu, ndi nsapato zachikopa pamwamba pake, pakuti nazo amasoka. Cholakwa chimene chikanaoneka pa malaya amodzi oyeserera chidzabwerezedwa pa onse asanu.

Pa nsalu ndichedwapo, chifukwa telala akhoza kuphwasula msoko n'kuusokanso koma nsalu yoipa sangaikonze. Khulupirirani mawu olembedwa m'mphepete mwa mpukutu. Mudzaona zilembo zagolide zonena za Italy, England ndi cashmere, ndipo zilembo zimenezi makina aliwonse oluka nsalu angathe kuzilemba. Si nsalu zonse zotchedwa ubweya zimene zili ubweya; zambiri ndi zosakaniza ndi poliyesitala. Mtengo wokha umaulula, pakuti suti imadya mamita atatu kapena kuposerapo, ndipo mamita atatu a ubweya weniweni wochokera ku Italy amadula kuposa suti yathunthu imene mukulonjezedwa pa mtengo wotsikitsitsa. Musachite masamu amenewa.

Pali njira yosavuta yodziwira zoona, ndipo muyenera kuipewa. Kaulusi ka nsalu kakayatsidwa ndi machesi sikanama. Silika ndi ubweya zimachokera ku zamoyo, choncho zimanunkha tsitsi lopserera, moto wake umazima msanga, ndipo chotsalira chimafumbutuka pakati pa zala. Thonje limanunkha pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kachibulumwa kolimba kosaphwanyika. Sitolo yodzidalira sikana kukudulirani kachidutswa kuti mukayesere panja. Silika weniweni alipo m'derali, ndipo mudzi wa Ma Chau ku Duy Xuyen, kufupi ndi tauniyi, wakhala ukuluka silika kwa zaka mazana. Koma inu musafunse kanthu, lozani nsalu yonyezimira kwambiri pansi pa magetsi a m'sitolo. Musaitulutse padzuwa kuti muone mtundu wake weniweni, musaifumbate m'manja kuti muone ngati ikubwerera. Musafunse ngati nsalu ya thonje ya malaya anu inachapidwa kale, kuti ikadzachepa pochapa koyamba mikono idzathere pamwamba pa wotchi. Koposa zonse musaganize za kumene mukaivalire. M'sitolo muli mphepo yozizira ya makina, ndipo suti yochindikala ya poliyesitala imamveka bwino mmenemo. Idzamveka mwina pa ukwati wa mu Okutobala ku Lilongwe kapena ku Chikwawa, pamene thukuta lilibe potulukira ndipo mwambo wa perekaniperekani sunafike n'pakati pomwe.

Za m'kati mwa jekete musalankhule n'komwe. Chifuwa cha jekete chimaima chifukwa cha nsalu yolimba imene imabisika pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati. Pa jekete losokedwa modekha nsaluyi imasokereredwa ndi ulusi, ndipo m'kupita kwa miyezi imazolowera chifuwa cha mwini wake. Pa jekete la changu imamatidwa ndi guluu wotenthetsedwa. Kumata pakokha si kulakwa, masuti ambiri a m'masitolo padziko lonse ndi omata. Koma guluu wotchipa womatidwa mothamanga amamatuka akakumana ndi thukuta, mvula ndi kusita, ndipo pachifuwa pamatuluka matuza osachira. Wofuna kudziwa amatsina nsalu kumunsi kwa batani lomaliza, kunja ndi m'kati, kuti amve ngati pali nsalu yachitatu yoyenda payokha. Inu manja akhale m'thumba.

Pa mtengo, nenererani mpaka mayiyo asiye kumwetulira. Kunenerera n'kololedwa ku Hoi An ndipo ogulitsa amayembekezera kuti mutero, koma pali malire amene mukawadutsa ndalama zimene mwadula zimakachotsedwa pamalo pamene simukuona. Lendi ya sitolo sitsika, komishoni ya wotakisi sitsika. Chimatsika ndi nsalu yam'kati, zipi, mabatani, ndi malipiro a wosoka, amene nthawi zambiri amalandira potengera kuchuluka kwa zovala zimene wamaliza. Mukagwirizana, lipirani ndalama zonse nthawi yomweyo ngakhale masitolo ambiri amangopempha gawo lina, nthawi zambiri theka. Mukamaliza kulipira, mawu anu pa tsiku loyesa amakhala opepuka. Musatenge lisiti lolembapo mtengo, tsiku loyesa ndi zimene mwagwirizana, ndipo musapemphe kachidutswa ka nsalu imene mwasankha, kuti ikadzabwera ina yofanana nayo mudzasowe umboni. Polipira gwirani ndalama za dong mosayang'anitsitsa. Ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse ndi zabuluu ndipo madzulo zimasokoneza. Ya 20,000 ndi imene kumbuyo kwake kuli chithunzi cha mlatho wofolera wa Chijapani wa mu Hoi An momwemo.

Poyezedwa, bwerani kuchokera kugombe la nyanja la An Bang mutavala kabudula ndi mapatapata, nsapato zimene mudzavalire buluku zili kunyumba. Tepi ikafika pamimba, kokani mpweya, tukulani chifuwa, imani ngati msilikali. Telala adzasokera munthu amene mwamuonetsayo, ndipo munthu ameneyo mudzakhala naye masekondi ochepa okha. Musanene kuti m'thumba mumayendamo foni ndi chikwama cha ndalama. Musanenenso za mmene thupi lanu lilili. Telala aliyense dzanja lake limazolowera matupi amene amawadula kawirikawiri, ndipo ambiri ku Hoi An amakonda kudula mothina. Mayi wa mbina kapena bambo wa ntchafu zazikulu, monga tilili ambiri a ife, ayenera kunena poyera kuti kumbuyo kwa buluku kapena kwa siketi kukwezedwe ndipo m'ntchafu musiyidwe mpata. Inu chitani manyazi. Musapemphenso kuti m'misoko asiye nsalu yapadera, kuti thupi likadzawonjezera pang'ono telala wina adzasowe pofutukula.

Tsiku loyesa ndilo mwayi wotsiriza wa chovala chanu, ndipo kuutaya kumafuna khama. Valani, imani chilili patsogolo pa galasi, manja atagona m'mbali. Atsikana a m'sitolo adzakuuzani kuti mwatchena, ndipo pamenepo mudzakhala mutatchenadi, chifukwa pafupifupi chovala chilichonse chimakhala bwino pa munthu wosagwedezeka. Musakhale pansi. Musakweze manja ngati mukupachika chinthu, musawerame kumanga chingwe cha nsapato, musatambasule mikono kutsogolo ngati mwagwira chiwongolero. Musapemphe mnzanu kuti akujambuleni kumbuyo, kumene makwinya amabisala. Pali zinthu zimene wosamala amayang'ana ndipo inu muzidumphe: ngati msoko wa phewa ukuthera pamene phewa lanu lathera, ngati kolala ya jekete yagona pakhosi kapena yasiya mpata kumbuyo, ngati nsalu ikukokana pabatani mutamanga, ngati matumba a buluku akuyasama, ngati mizere ya nsalu ikukumana pamsoko. Mwa zonsezi phewa ndiye lalikulu. Chiuno chimachepetsedwa, mkono umafupikitsidwa, mpendero umatsitsidwa, koma phewa lolakwika limafuna kuphwasula jekete lonse, ndipo nthawi yonenera ndi yomweyo, mabatani asanabooledwe.

Mukaona cholakwa, pali njira ziwiri zochikhazikitsira kuti chisachoke. Yoyamba ndi yathu yozolowereka, ulemu wosafuna kuvutitsa munthu. Mayi wakupatsani madzi, wakufunsani za ana, wakutchulani dzina. Mungamuuze bwanji kuti m'khwapa mukuluma? Nenani kuti zili bwino basi, zidzazolowera. Nsalu sizolowera pamene inadulidwa moperewera. Ndipo dziwani kuti ulemu umenewu mayiyo sumuthandiza, pakuti iye akufuna kumva lero, chovala chili m'manja mwake, pamene kukonza kumangofuna choko ndi ulendo umodzi wa njinga. Njira yachiwiri ndi kukalipa. Kwezani mawu m'sitolo modzaza anthu, lozani chala, tchulani mawu oti kuba. Ku Vietnam kuchititsa munthu manyazi pagulu ndi chinthu cholemera, ndipo chimene mudzalandire ndi kumwetulira, kuvomera zonse, ndi chovala chobwerera chitangositidwa. Munthu wolankhula motsitsa, woloza malo enieni ndi chala chake pa nsalu, wojambula pakapepala pamene mawu a Chingerezi aperewera mbali zonse ziwiri, ndi amene amakonzeredwa. Musakhale munthu ameneyo.

Ngati zonsezi zalephera ndipo mwaona kuti chovala chikufunika kukonzanso, vomerani kuti achikonze inu mutapita, adzachitumize pa positi kapena achisiye kuhotela usiku mutagona. Masitolo ambiri amatumizadi, ndipo katundu amafika. Koma chidzafika ndi chovala chimene palibe anachionapo pathupi panu. Kwathu telala wa pakhonde la sitolo akalakwitsa mumabwererako Loweruka, amaphwasula mukucheza, ndipo nkhani imatha. Kuchokera ku Blantyre kapena ku Chipata kubwerera ku Hoi An ndi ndege zingapo ndi ndalama zoposa masuti onse amene munasoketsa. Chimene simunachinene muli m'sitolo ndi chimene mudzavale.

Kunyumba, malizitsani ntchito. Malaya a silika aponyeni m'madzi otentha ndi sopo waufa, ayanikeni padzuwa la masana. Jekete lisiteni ndi simbi yotentha kwambiri popanda kansalu pamwamba, kuti nsalu iwale ndipo guluu amatuke msanga. Lipachikeni pa waya wopyapyala kuti mapewa agwe.

Chatsala n'chimodzi, ndipo ndicho choipitsitsa pa zonse. Anzanu akafunsa za suti, auzeni kuti matelala a ku Vietnam sadziwa kusoka, kuti onse ndi akuba. Musatchule za usiku umodzi uja, za mimba yokokedwa, za theka la mtengo limene munadula, za mawu oti zili bwino basi. Masitolo achinyengo alipo ku Hoi An, ogulitsa poliyesitala m'dzina la silika ndi olonjeza zimene sangakwanitse, ndipo amenewo ayenera kudzudzulidwa. Koma mawu anu sadzagwera iwo okha. Adzagwera mayi uja amene analumikiza mikono ya jekete lanu 3 koloko usiku, amene dzina lake simunalifunse, amene anachita zonse zimene maola munamupatsawo akanalola.

Choncho ndikupempheni inu amene ulendo wa ku Vietnam uli m'maganizo mwanu, kaya wa ntchito, wa sukulu kapena wongoona dziko. Ngati simungathe kukhala ku Hoi An masiku atatu kapena anayi, musasoketse suti. Yendani m'misewu yake yakale, wolokani mlatho wa Chijapani, idyani chakudya chotchedwa cao lau pamsika, soketsani malaya amodzi otengera amene mwavala, ndipo jekete mulisiyire ulendo wina umene mudzakhale ndi nthawi yobwera kudzayesa katatu.